Mafuta a Chanzi ndi Mbewa Zako Zoyera

Kwa Kabudula
Lachinayi masana

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba kalata ino nditakhala pansi pa chigafa, iwe uli ku Nsaru kokalukitsa tsitsi. Ndikudziwa kuti useka ukaipeza m'thumba la mtedza, poti mwezi wathunthu uno takhala khomo limodzi ndipo pakamwa ndili napo. Koma alipo mawu ena amene akafika pakhosi amabwerera okha. Ndayesa katatu sabata ino, katatu konse ndathera kukufunsa ngati zipi ya chikwama ikutseka bwino. Ndiye ndati cholembera chindithandize. Uiwerenge basi itanyamuka, osati ine ndili pafupi.

Pamwamba pa mutu wanga pano, pamikangala pamene timapachika fodya, pakununkhirabe chanzi chimene unayanika chija. Matumba ake awiri ali apo omangamanga, pamodzi ndi mapepala okuloleza kupita nawo. Anthu akumandifunsa kuti kodi mwana wanu akupita kunja kukaphunzira chiyani, ine n'kumawayankha monga unandifotokozera: akukayesa mafuta onunkhira a zomera, kuti aone ngati amaphadi ululu ndi kuphwetsa chotupa. Akafunsa kuti akayesa pa yani, ine n'kuti pa mbewa, amafa nalo phwete. Amalume ako aChisale anachita kukhala pansi. Akuti, "Mlamu, mbewa zatha kudambo kuno kuti mwana achite kuzilondola kunja?" Ndinaseka nawo, koma mumtima munalibe phwete. Chanzi chimenechi n'chomwe ndinkatchezera amayi ako mafuta m'chaka chawo chomaliza. Papita zaka zinayi chiwaikireni m'manda, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati mafuta aja ankawathandizadi. Pempho langa m'kalata muno n'limodzi: mbewa zako zikakayankha, udzandiuze monga zayankhira. Zina zonsezi ndi nkhani za munthu wokalamba zoperekezera pempho limenelo.

Ndiyambe ndi kuulula kuti ndikukusirira. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma chidwi sichinalekezere pomwepo, iwenso ukudziwa. Mbewa ndazikumba moyo wanga wonse. Una wa kapuku ndimauzindikira ndili chiimire, wa mende chimodzimodzi. Koma sindinaganizepo kuti mbewa ingafunsidwe funso n'kuyankha. Tsiku lija tikusenda mtedza unandiuza kuti zanu n'zoyera mbee, maso ofiira, zimagona m'mabokosi m'chipinda chosesedwa kuposa changa, ndipo iliyonse imakwera pasikelo ngati belo la fodya. Unati mumatupitsa kaphazi kake pang'ono ndi mankhwala, kenako n'kumayeza ngati chotupacho chikuphwa. Unatinso ikamamva kupweteka imanyambita phazilo, imafinya maso, makutu n'kugwera cham'mbuyo. Zimenezi zandikhala m'mutu sabata yonse. Kodi amene anayamba kuyang'ana nkhope ya mbewa mpaka kuidziwa chonchi anali munthu wotani? Anakhala masiku angati ali chete pambali pa bokosi? Nanga mbewa yolimba mtima iliko, yoti imamva kuwawa koma n'kungokhala duu? Safunsa anadya phula, Naphiri. Ukafika ukandifunsire zimenezi kwa aphunzitsi ako, usakachite manyazi kuti ndi mafunso a mlimi wa fodya.

Mafuta amenewa sindinaphunzitsidwe ndi sing'anga, ndiponso sindinawalote. Unali wamng'ono, sungakumbuke. Chaka china ndinadwala chimfine choopsa nthawi yosoka fodya, amayi ako n'kundiwiritsira masamba a bulugamu ndi chanzi kuti ndifukize nditafunda bulangete. Nditavundukula, thukuta lili kamukamu, ndinaona timadontho tonyezimira tikuyandama pamadzi mumphika. Ndinakhudza ndi chala, n'kupeza kuti ndi mafuta. Ine ndinkadziwa mafuta a mtedza ndi a nsatsi, ochokera m'njere, koma a m'tsamba ndinali ndisanawaganizirepo. Ndinayamba kufunsa amayi ako ichi ndi icho, iwo n'kuti, "APhiri, kodi mwadwala kapena mwabwera kudzafufuza mphika?" Masiku amenewo malemu azakhali ako ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba yawo. Ndinakakhala kumeneko ndikuyang'ana nthunzi ikuchoka m'mbiya n'kulowa m'paipi, paipiyo ikudutsa m'chigubu cha madzi ozizira, mowa n'kumadontha kumapeto. Ndinati nanga m'mbiyamo mutalowa masamba? Anandibwereka zipangizo zawo monyinyirika, akuti ndiwanunkhitsira mowa. Ndinaphika dengu lathunthu la chanzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pamwamba pa madzi a m'botolo panayandama mafuta osadzaza n'kachivundikiro komwe. Ndinawatapa ndi nthenga ya nkhuku. Fungo lake linafika mpaka kutsidya. Kutchalitchi kunamveka zoti aPhiri ayamba kutcheza, moti ndinachita kukafotokoza pamaso pa akulu a mpingo botolo lili m'manja.

Cholakwa changa choyamba chinali cha Sajeni. Ukuikumbuka ng'ombe yakuda ija imene inkakoka ngolo ndi Tikiti. Inapunthwa pamwala tikuchokera kudambo ndi njerwa, mwendo wakutsogolo n'kutupa pabondo. Ndinasakaniza mafuta anga ndi a nsatsi, n'kumaipaka m'mawa ndi madzulo. Goli ndinapachika, Sajeni n'kumangodya msipu pafupi ndi khola. Patatha masiku asanu ndi atatu chotupa chinaphwa, ng'ombe n'kumayenda ngati sinavulalepo. Ine ndiye ndinayenda nayo nkhani. Pachigayo, pamaliro, kudibi, aliyense anamva kuti mafuta a aPhiri achiza ng'ombe. Iwe unali Fomu 2, utabwera ku holide. Tikudya, unangofunsa mosaganiza n'komwe kuti, "Ababa, nanga mukanangoipumitsa osaipaka, sikanachira?" Ndinakukalipira. Ndinati sukulu yakuphunzitsa mwano, iwe n'kudzuka pamkeka osamaliza kudya. Funso lija linandipweteka chifukwa yankho lake ndinalibe, ndipo mpaka lero ndilibe. Ndinali ndi ng'ombe imodzi yovulala, ndinaichitira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kenako ndinasankha ndekha chimene ndinkafuna kuti chikhale chochiza. Sabata yatha utandiuza kuti mbewa mumazigawa patatu, zina kuzipatsa mafuta, zina mankhwala odziwika kale a kuchipatala, zina osazipatsa kanthu, ndinakumbukira Sajeni. Ndinazindikira kuti funso lako la pamkeka lija lakula, lasanduka ntchito ya anthu akuluakulu. Pepa chifukwa cha tsiku lija, Naphiri. Kumene ukupitako ukakumana ndi odziwa zambiri kundiposa, ndipo ena akakwiya monga ndinakwiyira ine. Ukafunse mwaulemu, koma ukafunse ndithu.

Unandiuzanso china chimene poyamba ndinachiona ngati chipongwe: kuti woyeza mapazi a mbewa sauzidwa kuti iyi yalandira mafuta, iyo ayi. Ndinati bwanji, amakuyesani akuba eti? Koma nditagona nazo ndaona nzeru yake. Ine ndikamasankha fodya wanga, tsamba lililonse limaoneka la giredi yapamwamba, pamene wa amalume ako ndimamuonera mawanga ndili patali. Sindinama dala, maso ndiwo amakondera. Iwenso chanzi ichi n'chakwanu, unachithyola ndi manja ako kudambo la kumunsi kwathu, ndipo udzafuna chipambane. Ukadziwiretu kuti maso ako adzakondera. Akakubisira usakanyansidwe, ndipo tsiku limene nambala zidzatuluke zosakukomera usadzazikankhe ndi chala. Ukalembe zimene waona, ngakhale zikhale zochititsa manyazi bambo ako.

Cholakwa chachiwiri chili pamsana panga, zipsera zake ukhoza kuziwerenga. Nditatchuka ndi Sajeni ndinaganiza kuti ngati madontho ochepa m'mafuta a nsatsi amachita zotere, ndiye osasakaniza achita zoposa. Msana unkandiwawa titatha kudinda mabelo. Ndinauza amayi ako kuti andipake okhaokha, a bulugamu ndi a chanzi, kenako amangepo pepala la pulasitiki kuti mphamvu isathawe. Anakana kawiri, kachitatu anati, "Msana ndi wanu." Ndinapita kumunda ndikumva kutentha, mumtima ndikuti eya, ayamba kugwira ntchito. Pofika masana ndinali nditataya malaya, ndikuthamangira kuchitsime ngati njuchi zandipeza. Matuza anatuluka msana wonse. Ndinagona chafufumimba sabata ziwiri, ndipo amayi ako tsiku lililonse pondisambitsa ankafunsa osaseka n'komwe kuti, "Asing'anga, lero tiwonjezere?" Anthu kuno timati za m'tchire sizipweteka poti n'zachilengedwe. Bodza limenelo, nkhadze nayonso ndi yachilengedwe. Ndiye ukamakayesa usakangofunsa kuti kodi amachiza. Ukafunsenso kuti akachuluka bwanji amayamba kuwononga, ndipo zimenezo ukazilembe ndi zilembo zazikulu, chifukwa kuno kuli anthu ambiri amutu ngati wanga.

Ndatchula nkhadze, ndakumbuka china. Mbuzi zathu zimabudula nkhadze ya kumpanda n'kumayenda bwinobwino, koma iwe utomoni wake utakugwera m'diso ungalire tsiku lonse. Chokomera chiweto si nthawi zonse chimakomera munthu. Ine phunziro limeneli ndinalidumpha: ndinachoka pabondo la ng'ombe n'kulunjika pamawondo a anthu, osaima pakati. Okalamba a m'mudzi muno anayamba kubwera ndi timabotolo, uyu nyamakazi, uyu chiuno, uyu phewa, ine n'kumangothira. Iwe wandiuza wekha kuti mbewa ndi khomo loyamba chabe, kuti chinthu chikatheka pa mbewa pamatsala ulendo wautali chisanafike pa munthu, ndipo zambiri zimathera panjira. Ndakumva. Koma ukadzabwera ku holide anthu sadzamva zimenezo. Adzati mwana wa aPhiri wakatsimikiza kunja, ndipo adzakuzungulira pamjigo kuti ungonena kuti inde. Mtima udzafuna kuwasangalatsa. Udzawauze mawu omwewo unandiuza ine, ngakhale achoke akung'ung'udza kuti wayamba kunyada.

Za mbewazo pali chimene chikundivuta, ndipo sindibisa. Ine ndapha mbewa zosawerengeka, koma ndinkapha kuti tidye, ndipo ndinkapha msanga. Inu muzikazipweteka dala, ngakhale pang'ono, kuti muphunzire. Unati pali malamulo, pali akuluakulu amene amayamba avomereza, kuti zisachuluke ndiponso zisazunzike mopitirira. Chabwino. Koma lamulo silikhala nawe m'chipinda Loweruka masana anzako atapita kokayenda. Ine ndinamenyapo Tikiti ndi mkwapulo panjira ya ku Nambuma, ndikuti ikuchita ulesi, osadziwa kuti msomali walowa m'chiboda. Inakoka ngolo mpaka kunyumba. Nditauona msomali uja ndinakhala pansi m'khola momwemo, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Chiweto sichinena, chimangosiya kubzikula, n'kugwetsa makutu, ndipo mwini wake akakhala wothamanga saona kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Tadala. Uzikazigwira ndi manja ofatsa, ndipo ntchito ukaigwire bwino ulendo woyamba, kuti pasadzafunike kupweteka zina chifukwa cha kusasamala kwako.

Tsopano ndafika paja mawu amabwerera okha. Iwe unali ku koleji chaka chachiwiri, ndipo pafoni tinkakuuza kuti amayi ako akumva mwendo pang'ono. Zinayamba tikufesa nazale. Pansi pa bondo lakumanzere panatuluka chotupa cholimba, chosafiira, chosatuluka mafinya. Ndinati ndi nyamakazi, ndinati ndi kunyamula ndowa zothirira, ndipo ndinatenga botolo langa. Ndinkawapaka m'mawa ndi madzulo monga ndinkachitira ndi Sajeni. M'mawa uliwonse ndinkafunsa kuti, "ANachisale, mwadzuka bwanji?" Iwo ankati, "Ndadzukako bwino, mafuta anu aja andigoneka." Ndikati tiyeni kuchipatala, ankati, "Tiyambe tawokera fodya." Titawokera anati tiyambe tapalira. Ine sindinakakamize, ndipo chifukwa chake ndikukuuza lero: ndinkakondwa. Mkazi wanga yemwe, amene ankandiseka za matuza, tsopano akuyamikira mankhwala anga. Tinapita kuchipatala fodya ali kale m'chigafa, mwendo utakana kuponda, nditawagoneka pangolo. Anatitumiza kuchipatala chachikulu mumzinda. Dokotala wa kumeneko, mtsikana wosasiyana nawe msinkhu, anayang'ana chithunzi cha fupa nthawi yaitali, kenako anandifunsa mofatsa kuti, "Bambo, chotupachi chinayamba liti?" Nditamuuza sanandikalipire, anangolemba. Anati ndi khansa, ndipo yafalikira kale. Zotsatira zake ukuzidziwa, unalipo.

Chimene sukudziwa ndi ichi. Titatha maliro, amayi ako aang'ono anandikokera pambali. Anati tsiku lina, mvula ili pakati, anawapeza amayi ako kuseri kwa chigafa chino atakhala pansi, ataluma chitenje, misozi ili mbwembwembwe. Atawafunsa, anati, "Usawauze alamu ako. Amakondwa akamandipaka." Mawu amenewo ndayenda nawo zaka zinayi. Koma ndili ndi umboni winanso, wa maso anga. Masiku ena ndikangowapaka nkhope inkamasuka, mapewa n'kugwa, n'kuyamba kuimba nyimbo za kwaya akusoka fodya. Munthu angathe kunama ndi pakamwa, koma kodi anganame ndi mapewa? Ndiye ndili ndi njira ziwiri, zonse zaminga. Ngati mafuta aja amaphadi ululu, ndiye kuti ndine ndinatseka pakamwa matenda pamene ankafuula kuti tithamange. Ngati sapha ululu, ndiye kuti mkazi wanga anamva kuwawa miyezi isanu ndi umodzi akundimwetulira, kuti mwamuna wake asachite manyazi ndi botolo lake. Lolemba ndimakhulupirira ichi, Lachitatu icho. Ndatopa nako kusinthasinthaku, mwana wanga.

Kwathu kuno tinaleredwa kuti wodwala salemetsa omudwazika. Munthu ali gone pamphasa, ukamufunsa amati "ndikupezako," "lero zasinthako," ndipo tonse timati ameneyu ndi wakhalidwe. Wokupatsa mankhwala sumuuza kuti sakugwira, kumeneko n'kumunyoza. Ulemu umenewu ndi wokoma, ndinakulira momwemo, koma unandilanda mkazi. Okalamba onse aja ankabwera ndi timabotolo, ndani mwa iwo akanalimba mtima kundiuza kuti aPhiri, mafuta anuwa ndi fungo chabe? Palibe. Ndiye zaka zonsezi mboni zanga zinali ng'ombe imodzi ndi anthu aulemu. N'chifukwa chake nkhani ya mbewa zako yandigwira chonchi. Mbewa sizidziwa kuti aPhiri ndani. Sizinadyepo kwathu, siziopa kundikhumudwitsa. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma zako zoyerazo ndikukhulupirira kuti manyazi zilibe. Phazi likatupa latupa, likaphwa laphwa, ndipo iwe ukalemba zomwezo.

Ndikudziwa chimene uyankhe, poti ndiwe mwana wanga. Unena kuti mbewa sizinganene za amayi ako, kuti phazi lotupitsidwa dala si fupa la khansa, ndiponso kuti mwina ngakhale tikanathamanga sizikanasintha kanthu. Mwina n'zoona. Sindikukutuma kuti ukandiweruzire mlandu, ndipo katundu ameneyu usakamusenze pamutu pako, ndi wanga. Ukagwire ntchito yako monga aphunzitsi ako akufunira. Ine ndikungofuna kachinthu kamodzi koona, ngakhale kachepe bwanji, koti ndipondepo. Sindinakufunsepo chifukwa chimene unasankhira chanzi pakati pa zomera zonse za m'dziko muno. Mwina nawenso uli ndi funso lako. Ngati ndi choncho, ndiye kuti tonse awiri takhala tikupitana pakhomo pano mwezi wathunthu, aliyense atafumbata chake, n'kumapatsana moni.

Mbiya yotchezera ija ndinaivundikira kuseri kwa nkhokwe tsiku limene tinachoka kumanda, ndipo sindinaikhudzenso. Anthu amabwerabe. Mwezi watha anabwera aNabanda a kutsidya ndi chiuno chawo chija, kabotolo kali pamfundo ya chitenje. Ndinawabweza, ndinati ayambe akaonetsa kuchipatala. Anachoka atakwiya, akuti aPhiri chiferedwereni ayamba kumana. Sindidziwa ngati ndinawachitira chabwino kapena ndinawamana mpumulo weniweni. Mbewa zikadzati mafutawa ndi fungo chabe, mbiyayo ndidzamwetseramo nkhuku. Zikadzati muli kanthu, ndidzadikira undiuze chochita, ndipo ngakhale pamenepo sindidzapakanso munthu amene sanayambe wakaonana ndi adokotala.

Zina zotsalazi amayi ako akanakuuza bwino kundiposa, ine ndingodutsamo. Akuti kumeneko kumazizira, ndiye juzi ija usaike pansi penipeni pa chikwama. Uli ndi khalidwe loiwala kudya ukagwira buku, lisiye kuno. Mtedzawu ukagawireko anzako a m'chipinda tsiku loyamba lomwe, munthu amene wadya chako savuta kukutsegulira chitseko. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, choncho za anthu usakalowemo. Akakuseka kalankhulidwe, ukaseke nawo, mawa lake ukayankhenso m'kalasi. Ukapeza mnyamata, ndimve kwa iwe, osati kwa amalume ako, poti iwo nkhani akaigwira imafika ku Namitete dzuwa lisanalowe. Ndipo ukanditumizire chithunzi cha mbewa imodzi pafoni, chapafupi, ndione maso ofiirawo. Ndikufunanso kudziwa chimene zimadya.

Koma mantha anga aakulu sali pa kuzizira, sali pa anyamata. Ali pa mtima wako, chifukwa unatenga wa amayi ako. Tsiku lija ndinakukalipira pamkeka sunandiyankhe, unangodzuka mwakachetechete. Chaka chatha malungo anakugwetsa sabata yathunthu mumzinda, ine n'kumva kwa mnzako utachira kale, pamene pafoni unkandiuza kuti zonse zili bwino. Ndiye ndikuliona kale tsiku limene yankho lidzatuluke. Udzakhala ndi foni m'manja, n'kuyamba kulisalaza kuti lisandibaye. Udzati, "Ababa, zikuonetsako pang'ono," kapena, "Sitinatsimikize bwino," pamene mumtima ukudziwa. Ngati simunatsimikizedi, udzanene choncho, ndidzamva. Koma ngati ukudziwa, usadzandichitire ulemu umenewo, Naphiri. Ndaulandira kale kwa munthu mmodzi, ndipo wandikwana. Ndiponso si za chanzi zokha. Ndikakuimbira n'kufunsa kuti wadzuka bwanji, ngati mutu ukuwawa uziti mutu ukuwawa, ngati walephera mayeso uziti ndalephera, ngati walira uziti ndalira. Bambo ako sasweka ndi mawu.

Poti sindingakupemphe chimene ineyo ndikulephera, ndiyambe ndine. M'mawa uno ukusesa pabwalo unandifunsa kuti ndadzuka bwanji, ine n'kuti bwino. Ndinanama. Kuyambira nthawi yokolola chimanga m'chiuno mwanga chakumanja mukuwawa, ululu wake kutsikira mpaka kumwendo, ndipo ukunka nukula. N'chifukwa chake ndakhala ndikumanga ngolo popita ngakhale pachigayo pomwepa. Zija ndinakuuza kuti ng'ombe zikufuna kuwongola miyendo linali bodza. Ndinati ndisakusokoneze ulendo, ndipo dzulo ndinadzimva ndekha ndikulankhula mawu a amayi ako: ayambe wanyamuka mwana. Sindinapake kanthu. Kabuku ka kuchipatala kali kale m'thumba la jekete, ndipo mawa ndikakutsitsa pamsewu ngolo sibwerera kunyumba, ikhotera komweko. Zimene akandiuze ndidzakuuza monga andiuzire, osachotsa, osawonjeza.

Ukafika undiimbire, undifunse kuti ndadzuka bwanji. Ndidzakuyankha. Kenako ndidzafunsa iwe.

Mulungu akutsogolere panjira.

Ndine bambo ako.